Kodi n'zotheka kumanganso injini ya Land Cruiser yakale pakhomo?

Achimwene ena a ku Area 25 anditumizira imelo kundifunsa ngati angathe kuphwasula ndi kumanganso okha injini ya Land Cruiser yawo pakhomo. Galimotoyo ndi ya injini ya 1HZ, ikutulutsa utsi, ikudya oyilo ndiponso ikuvuta kulira m'mawa, koma mtengo wa ovaholo (ntchito yophwasula ndi kumanganso injini yonse) umene awauza ku galaja wawakulira. Funso lanu landikhudza kwambiri, achimwene, chifukwa ndinaona ndi maso anga galimoto ya mtundu womwewu ikuwonongekera pabwalo la malume anga, ndipo chimene chinaimaliza sichinali matenda amene inali nawo, koma manja a amene anabwera kudzaikonza.

Malume anali mlimi wa fodya cha ku Mitundu, ndipo Land Cruiser yawo yapikiapu ndiyo inkanyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo, feteleza pobwerera, komanso odwala ndi maliro a mudzi wonse nthawi ya mvula, pamene galimoto zina zonse zinkatitimira m'matope. Tsiku lina paipi ya madzi inaphulika ali pa ulendo, injini inatentha mpaka kuzima yokha, ndipo anaikoka ndi thirakitala kufika nayo kunyumba. Kunabwera makaniko wina wolankhula motsimikiza, amene anaphwasula injini yonse pansi pa mtengo wa mango m'mwezi wa Okutobala, mphepo ikuulutsa fumbi. Ndimakumbukira mabawuti onse atawaunjika pamodzi m'beseni lochapiramo zovala, crankshaft (chitsulo chachitali chimene mapisitoni amazunguza) ili gone pa dothi atangoifunditsa thumba la feteleza, ndi mapisitoni asanu ndi limodzi ali mbwee popanda chizindikiro chosonyeza kumene iliyonse inachokera. Asanayeze kanthu kalikonse, munthuyo anaitanitsa ndalama zogulira maring'i, mabering'i ndi magasiketi, ndipo malume anagulitsa ng'ombe kuti apereke.

Masipeyawo atafika, zinadziwika kuti mabowo a masilinda anali atadyeka kale moti maring'i a saizi yoyambirira sakanathandiza, komanso hedi (chivindikiro cha pamwamba pa masilinda) inali ndi mng'alu. Ndalama zinali zitatha. Makaniko anayamba kusowa, mvula ya Disembala inagwa, madzi analowa mu buloko (thunthu la injini mmene muli masilinda) ndipo dzimbiri linagwira paliponse pamene panali pong'azima. Kenaka zinthu zinayamba kuchoka chimodzichimodzi, lero sitata, mawa pampu ya dizilo, mpaka galimoto inatsala chigoba pa njerwa. Malume anamwalira asanaimvenso ikulira, ndipo kufikira lero mtima umandiwawa ndikaona Land Cruiser itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ya munthu.

Komabe sindikunena kuti vuto linali kugwirira ntchito pakhomo. Ku Biwi kuli amakaniko amene amamanga injini panja, ndipo injinizo zimayenda zaka zambiri. Ndiponso 1HZ ndi imodzi mwa injini zimene munthu wodekha angathe kuimanga yekha. Toyota inayamba kuipanga mu 1990, ndi ya malita 4.2, masilinda asanu ndi limodzi ondondozana, ilibe turbo, ndipo pampu yake ya dizilo imagwira ntchito popanda kompyuta. N'chifukwa chake maambulansi ambiri ndi galimoto za mabungwe zoyenda m'misewu yakumidzi zakhala za injini imeneyi, ndipo masipeya ake sasowa mu Lilongwe muno. Chimene ndimakana ndi mtima wonse ndi chizolowezi chogula masipeya injini isanayezedwe. Munthu aliyense amene angakupatseni mndandanda wa zogula atangomvetsera kulira kwa injini ndi khutu, musamupatse ngakhale tambala imodzi.

Patapita zaka, pamene Land Cruiser yanga inatopa, ndinaimanga pakhomo mothandizidwa ndi bambo wina wachikulire amene anapuma pa ntchito ya umakaniko. Bamboyo anakana kuyamba ntchito mpaka titasesa ndi kukolopa simenti ya pakhonde ndi kutchinga mbali yochokera mphepo ndi pulasitiki. Anatenga katoni n'kuibowola timabowo, ndipo vavu iliyonse ankaibaya pa bowo lake n'kulemba nambala ya silinda pambali. Zotsekera za mabering'i anaziika mu ndondomeko imene zinachokera, chifukwa chilichonse chinapalidwa pamodzi ndi malo ake ndipo sichisinthanitsidwa. Buloko itabwera kuchokera kwa amakina opalira zitsulo za injini, anandipatsa ndowa ya madzi otentha a sopo ndi burashi, nandiuza kuti, "Mwana wanga, utsuke mabowowa mpaka kansalu koyera katuluke koyera." Ndinatsuka koyamba n'kuganiza kuti ndamaliza, koma kansaluko kanatuluka kotuwa ndi timchenga ta mwala wopalira, timene tikadatsala tikadadya maring'i atsopano m'miyezi yochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi kudekhako ndi kumene kumasiyanitsa injini yolimba ndi injini yobwerera pa njerwa.

Apa ndiyenera kunena za chinthu chimene chimandikwiyitsa, chifukwa ndicho chimapha injini zambiri za dizilo kuno kwathu. Anthu amachotsa thermostat, kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi molingana ndi kutentha kwa injini, poganiza kuti injini izizizira bwino, kenaka n'kumathira madzi a pa mjigo mu lediyeta chaka ndi chaka. Madzi amenewo amasiya dzimbiri ndi zokakamira zimene zimatseka timapaipi ta lediyeta, ndipo injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha koyenera, motero masilinda amadyeka msanga. Hedi ya 1HZ siipirira kutentha kopitirira muyeso. Imang'aluka, makamaka pafupi ndi tizipinda timene dizilo amayambira kuyakira. Chimodzimodzinso fyuluta ya mpweya: ena amaipopera ndi mpweya wamphamvu mpaka pepala lake libowoke, n'kuibwezeramo, ndipo fumbi la msewu wa ku Kasiya kapena ku Nsaru limapita molunjika m'masilinda. Mukamanga injini yatsopano koma lediyeta, fyuluta ndi mainjekita zikhale zomwe zija, mwangotaya ndalama zanu, ndipo pa mfundo imeneyi sindisintha maganizo.

Nkhani ya ndalama nayonso si yaing'ono. Chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo masipeya achinyengo oikidwa m'mabokosi okongola achuluka. Pa zinthu zina munthu angathe kupulumutsa ndalama, koma pa gasiketi ya hedi, mabering'i, maring'i ndi lamba wa timing (lamba wochititsa kuti mavavu azitseguka pa nthawi yake), gulani zenizeni ngakhale zitatanthauza kuti galimoto idikire mwezi wina. Ena adzakulangizani kugula injini yogwiritsidwa kale ntchito yochokera ku Japan kapena ku Dubai. Nthawi zina imeneyo ndi njira yabwino, koma mumagula chinthu chimene simunachione m'kati, pamene injini yanu mukaimanga bwino mumadziwa bawuti iliyonse imene ili m'menemo.

Zoti muchite musanamasule bawuti ngakhale imodzi

Choyamba yezetsani compression ya masilinda onse, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, chifukwa mwina injini yanu siikufunika ovaholo n'komwe. Kuvuta kulira m'mawa, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, kawirikawiri kumachokera ku ma glow plug (tizitsulo totenthetsa mu injini isanalire) akufa kapena batire yofooka. Utsi wakuda umaloza ku mainjekita, pampu kapena fyuluta yotsekeka, utsi wabuluu ndiwo wa oyilo amene akupsa, ndipo utsi woyera wosatha pamodzi ndi madzi ochepa mu lediyeta umaloza ku hedi kapena gasiketi yake. Pezaninso buku la Toyota lokonzera injini imeneyi, chifukwa manambala onse a kamangidwe ka mabawuti ndi mipata ya mabering'i ali m'menemo.

Ngati compression ili yotsikadi, phwasulani nthawi yopanda mvula, pa simenti, pansi pa denga, ndipo pezani chokwezera cholimba ndi anthu okuthandizani chifukwa injiniyi ndi yolemera kwambiri. Buloko, hedi ndi crankshaft mupite nazo kwa amakina kuti akayeze ndi kuona ngati pali ming'alu, pampu ndi mainjekita mupite nazo kwa akatswiri a dizilo, ndipo masipeya mugule pokhapokha atakulemberani saizi yake pa pepala. Gasiketi ya hedi ya 1HZ imabwera yokhuthala mosiyanasiyana ndipo imasankhidwa poyeza mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko. Torque wrench, sipanala yoyezera mphamvu imene mukumangira bawuti, ndi yosakambirana. Ngati mulibe, bwerekani. Lamba wa timing muikemo watsopano ndipo muzimusintha pa makilomita 100,000 aliwonse. Injini ikalira, musaisiye ikungolira pamalo amodzi nthawi yaitali ndiponso musaisenzetse katundu wolemera. Yendani nayo mosinthasintha liwiro, kenaka musinthe oyilo ndi fyuluta yake msanga.

Choncho yankho langa ndi lakuti inde, achimwene, mungathe, malinga ngati ndalama za amakina ndi za masipeya zili m'manja musanayambe, ndiponso pali makaniko wodziwa dizilo amene wavomera kudzakhala nanu tsiku lomanga crankshaft ndi tsiku loika timing. Mukayezetsa compression, munditumizire manambala a masilinda onse asanu ndi limodzi kuti tione limodzi ngati hedi ikufunikadi kutsika.