Zogwirira za ndodo za gofu zikatha: kusintha nokha kapena kupita kwa katswiri?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Blantyre amene wayamba kusewera gofu chaka chino. Iye adagula ndodo zakale kwa mnzake wochokera ku Johannesburg, ndipo akuti zogwirira zake zauma, zikunyezimira ngati zapakidwa polishi, moti manja akangochita thukuta ndodo imatembenuka yokha pomenya mpira. Akufunsa ngati angazikulunge ndi legeni kapena tepi, kapena ngati n'koyenera kulipira munthu wodziwa ntchitoyi kuti aike zatsopano.

Bambo, musanawononge ndalama, yambani mwazitsuka ndi madzi ofunda, sopo ndi kaburashi kofewa, kenako muzipukute ndi thaulo, chifukwa nthawi zina chimene chimatereretsa ndi litsiro ndi mafuta a m'manja basi. Mukatsuka koma labala n'kukhalabe wouma, wosweka, kapena wokumbika pamene pamakhala chala chachikulu, dziwani kuti zatha ndithu. Makampani opanga zogwirira amalangiza kusintha kamodzi pa chaka kapena pakatha masewero pafupifupi 40, ndipo ngakhale kuti iwo ali pa malonda, sakunama kwenikweni, makamaka kwa ife amene timasiya chikwama mu buti ya galimoto dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Za legenizo muiwale. Amaterera akanyowa, komanso malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira malamulo a gofu, amafuna kuti chogwirira chikhale chobulungira, chopanda chotupa kapena chiuno pakati. Ndodo yokhayo imene imaloledwa kukhala ndi chogwirira cha mbali yafulati ndi putter, yogubuduzira mpira kuti ulowe m'dzenje.

Ntchito yeniyeniyo ndi yaifupi. Katswiri amamanga ndodo pa vayisi yokhala ndi labala kuti isaphwanyike, amang'amba chogwirira chakale ndi mpeni wa nsonga yokhota ngati mbedza, amapala tepi yakale yonse, n'kukulunga tepi yatsopano yomata mbali zonse ziwiri. Akatero amathira mankhwala osungunula guluu m'kati mwa chogwirira atatseka kabowo ka kumapeto ndi chala, amakhutchumula, amathira otsalawo pa tepi, kenako amakankha chogwiriracho kamodzi n'kamodzi ndi kuchiwongola guluu asanagwire. Ena masiku ano amalowetsa ndi mpweya wa kompuresa.

Poona amangoti n'zosavuta, ndipo inenso ndidanena choncho. Tsiku limene ndidayesa ndekha pakhonde, ndidaumira mankhwala, chogwirira chidakakamira pakatikati osapita kutsogolo kapena kubwerera, mpaka ndidachidula chili chatsopano. Choipa kwambiri n'chakuti ndidagwiritsa ntchito mpeni wowongoka pa driver, ndodo yaitali yomenyera mpira patali, ndipo udasiya mzere pa shafti (thunthu la ndodo) ya graphite. Pa shafti yachitsulo mzere wotere sudetsa nkhawa, koma graphite ndi ulusi wolukanalukana, ndipo ukadulidwa ndodo imafooka pamalo pamene simudzawaonanso chogwirira chikaphimba.

Komabe chifukwa chachikulu chimene ndikukutumizirani kwa katswiri ndi muyeso. Mwini wake woyamba wa ndodozo adaika zogwirira zoyenera manja ake, osati anu. Zogwirira zimabwera m'masayizi anayi odziwika: zazing'ono, standard, midsize yomwe imanenepa ndi pafupifupi 1/16 ya inchi, ndi jumbo yomwe imaonjezera pafupifupi 1/8. Pakati pa masayiziwa katswiri amasintha ndi tepi, poti kukulunga kamodzi koonjezera kumanenepetsa chogwirira ndi pafupifupi 1/64 ya inchi. Iye amaonanso kukula kwa bowo la m'kati mwa chogwirira, .580 kapena .600 ya inchi, chifukwa chogwirira cha .580 chikalowetsedwa pa shafti ya .600 chimatanuka n'kumveka chonenepa kuposa mmene chalembedwera. Mungadziyese nokha motere: gwirani ndodo ndi dzanja lapamwamba, ndipo nsonga za chala chapakati ndi chachinayi zizingokhudza pang'ono mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu. Zikamira mu mnofuwo, chogwirira chachepa, ndipo aphunzitsi ambiri amati manja amapupuluma kutseka nkhope ya ndodo, mbali imene imamenya mpira. Pakatsala mpata waukulu, chanenepa, ndipo manja amachedwa. Amene ali ndi nyamakazi m'zala nthawi zambiri amapeza mpumulo ndi zonenepa, chifukwa safunika kufinya mwamphamvu.

Pali nkhani ya kulemeranso. Chogwirira cha standard chimalemera pafupifupi magalamu 50, ndipo mukaika cholemera kwambiri mutu wa ndodo umamveka wopepuka poizunguza. Munthu wodziwa ntchito adzakuuzani zimenezi asanadule kanthu.

Za mitundu sindichulukitsa mawu. Tour Velvet ya Golf Pride ndi yodalirika kwa woyamba kumene, Lamkin nayonso ndi yabwino, Winn ndi yofewa koma m'kuona kwanga siichedwa kutha, ndipo ngati manja anu amatuluka thukuta kwambiri kapena mumasewera nthawi ya dzinja, sankhani zokhala ndi ulusi m'kati mwa labala ngati MCC ya Golf Pride, ngakhale kuti zimakanda m'manja. Chenjerani ndi zotchipa modabwitsa za pa intaneti, pakuti zachinyengo zilipo.

Funsani ku sitolo ya kalabu imene mumasewerako, kapena makadi achikulire (onyamula zikwama za osewera), amene amadziwa bwino amene ali ndi vayisi ndi luso. Ngati zogwirirazo muitanitsa kunja, gulani 13 za mtundu umodzi, popeza ndodo zololedwa m'chikwama ndi 14 ndipo putter ili ndi chake chapadera. Thumba likaperewera, yambani ndi driver, ma wedge (ndodo zokwezera mpira m'mwamba mukayandikira dzenje) ndi 7-iron (ndodo yachitsulo ya nambala 7) imene mumaphunzirira nayo. Ndingakulangizeninso kuti aike kaye pa ndodo imodzi, mukamenyere mipira masiku angapo, sayizi ikakukwanani ndiye amalize zotsalazo. Mukazitenga kwa katswiriyo, zigone usiku umodzi kuti guluu agwire musanapite nazo pabwalo.