Ufa wa mapuloteni: ndigule uti?

Funso: Ndimalemera makilogalamu 65 ndipo ndayamba kunyamula zitsulo katatu pa sabata. M'sitolo ndapeza whey concentrate, whey isolate ndi mass gainer, mitengo yake yotalikirana. Ndigule uti kuti minofu ikule? Wowerenga wa ku Ndirande

Yankho: Achimwene, musanapise m'thumba yambani mwawerengera. Wonyamula zitsulo amafunika magalamu 1.6 mpaka 2.2 a mapuloteni patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kwa inu ndiye kuti magalamu 104 mpaka 143. Ndiye onani zomwe mukudya kale. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8, pomwe magalamu 100 a soya pieces wouma ali ndi pafupifupi 50, usipa wouma kuposa pamenepo. Ufawu ntchito yake n'kutseka mpata womwe ndiwo zasiya, basi. Ngati mpata palibe, ndalamayo gulirani mazira.

Whey amachokera ku madzi otsala akamapanga tchizi. Mu concentrate, magawo 70 mpaka 80 pa 100 aliwonse ndi mapuloteni, koma mumatsalira shuga wa mumkaka wotchedwa lactose. Isolate amasefedwanso mpaka kufika pa 90, lactose n'kutsala pang'ono chabe, n'chifukwa chake amadula. Ambiri mwa ife tikakula sitigaya bwino lactose. Ngati mkaka umakubangulitsani m'mimba, kukupatsani mpweya kapena kukutsegulani, tengani isolate kapena ufa wa soya. Ngati mumamwa mkaka bwinobwino, concentrate akukwanirani, minofu sidziwa kusiyana kwake.

Mass gainer, ufa wowonjezera thupi, sitikulimbikitsani. Chigubu chake n'chachikulu moti munthu amaona ngati watola, koma chochuluka m'menemo ndi maltodextrin, sitalichi yemwe m'thupi amasanduka shuga msanga. Nthochi ziwiri, masupuni awiri aakulu a chiponde ndi theka la lita ya mkaka, mukazipota pamodzi, zikupatsani magalamu pafupifupi 25 a mapuloteni ndi mphamvu zambiri, pa mtengo wochepa.

Pogula musatengeke ndi chithunzi cha chimunthu chodzitukumula kutsogoloko. Tembenuzani chigubu muwerenge kumbuyo. Gawani mapuloteni a muyeso umodzi ndi kulemera kwa muyesowo: magalamu 24 mu kasupuni koyezera ka m'chigubumo ka magalamu 30 ndiye kuti 80 pa 100, ndi wabwino ameneyo. Akakhala 15 mu 40, mukugula zowonjezera. Onaninso mndandanda wa zosakaniza. Mukapeza glycine kapena taurine pafupi ndi pamwamba, kayikirani, chifukwa opanga ena amathira zimenezi kuti poyeza ufawo uoneke ngati uli ndi mapuloteni ambiri. Chizindikiro cha Informed Sport kapena NSF Certified for Sport chimasonyeza kuti unayezedwa ngati mulibe mankhwala oletsedwa pamasewero. Wopimidwa m'timajumbo wopanda dzina, kapena chigubu chomatuka pakamwa, chisiyeni pomwepo.

Posakaniza, yambani kuthira madzi ozizira mamililita 250 mpaka 300 m'botolo, ufa pambuyo. Mukayamba ndi ufa umamatirira pansi. Madzi otentha amauundanitsa mibulu, choncho ngati mukuthira m'phala, dikirani lizizireko. Kasupuni kamodzi patsiku n'kokwanira kwa inu, ndipo palibe chothamangira kumwa mutangotula chitsulo, chofunika ndi kuchuluka kwa tsiku lonse. Botolo tsukani nthawi yomweyo. Likagona, fungo lake silichoka wamba. Nyengo yadzinja tsekani chigubu mwamphamvu, chinyezi chimaumbitsa ufa.

Funso: Ndikufuna kuchepetsa thupi. Anzanga akuti ufawu umawononga impso komanso umapatsa mayi thupi lachimuna. N'zoona? Wowerenga wa ku Mzuzu

Yankho: Achemwali, ufa wa mapuloteni ndi chakudya, si mankhwala a mahomoni, ndiye thupi lachimuna sungakupatseni. Impso zabwinobwino zimatha nawo pa miyeso tatchulayi. Koma amene ali ndi matenda a impso, a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, komanso woyembekezera, ayambe wafunsa dokotala.

Paokha suwondetsa. Kasupuni kamodzi kali ndi makalori pafupifupi 120, ndipo mukangokawonjezera pa zomwe mumadya kale, sikelo ikwera. Umathandiza ukalowa m'malo mwa mandasi ndi tiyi wa shuga wambiri uja wa m'mawa, chifukwa mapuloteni amakhalitsa m'mimba. Sakanizani ndi madzi, osati mkaka, ndipo sankhani wopanda shuga wowonjezera.