Kodi zipani zotsutsa zinabwerera bwanji?

Funso: Akonzi, agogo anga amati kale kutchula chipani china kunali kudziitanira ndende. Zinasintha bwanji? Wowerenga wa ku Chinamwali, Zomba.

Yankho: Agogo anuwo sakunama. Atsamunda ataletsa Nyasaland African Congress mu 1959, kunabadwa Malawi Congress Party, imene mu 1966 inakhala chipani chokhacho chololedwa ndi malamulo, ndipo ambiri oganiziridwa kuti akutsutsa boma ankatsekeredwa ku Mikuyu, konkuno ku Zomba, osazengedwa mlandu. Zinthu zinatembenuka mu 1992 pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ophunzira a ku Chancellor College n'kuchita zionetsero zoivomereza. AFORD ndi UDF zinatulukira poyera, ndipo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 Amalawi ambiri anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, n'kukana tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi.