Za chakudya cha tarantula: ziwala za m'dimba zisiyeni

Achimwene, mwati mwabwera ndi kangaude wa tarantula kuchokera ku Johannesburg, muli kuno ku Kasungu, ndiye mukufunsa ngati mungamamugwirire ziwala ndi nkhululu kuseri kwa nyumba. Enanu mukuseka m'makomentimu, sekani ndithu, ngakhale mayi anga anasiya kulowa m'chipinda changa. Koma munthuyu wafunsa zenizeni.

Ziwala amadya, nkhululu amadya. Vuto ndi kumene tizilomboto tachokera. Kuno ndi kwa fodya, nazale amazipopera, tomato wa m'dimba amamupopera, ndipo chibwerereni ntchembere zandonda cha m'ma 2017 chimanga nachonso chimamwa mankhwala a Cypermethrin. Chiwala chimatha kudya tsamba lopoperedwa n'kumadumphabe bwinobwino, poizoni ali m'mimba. Ine kangaude wanga woyamba ndinamupha ndekha chonchi. Ndinagwira ziwala ziwiri zonenepa m'mphepete mwa dimba la munthu wina, n'kumupatsa. Patapita masiku atatu anayamba kuyenda ngati waledzera, miyendo ikunjenjemera, kenako anaipindira pansi pa mimba, basi. Mphemvu za m'khitchini n'chimodzimodzi, simudziwa ngati zadutsa pa Doom kapena pathumba la chimanga chothira Actellic. Nunkhadala, chiwala chamawangamawanga chonunkha chija, musayerekeze n'komwe. Chimadya zomera zapoizoni n'kusunga poizoniyo m'thupi, n'chifukwa chake mbalame zambiri zimachilambalala. Linthumbu ndi nyerere si chakudya, izo ndi zomwe zingamudye iyeyo.

Ndiye wetani zanu. Ine ndili ndi chidebe chapulasitiki cha malita 20, chivindikiro ndinachiboola n'kumatapo kansalu ka neti. M'kati muli mathireyi a mazira oimika, madeya pang'ono m'kambale, ndi kachidutswa ka karoti kapena dzungu kuti azipezamo madzi. Muli akalijosolo. Oyamba ndinawagwira kuthengo, kutali ndi minda, koma sindinapatse kangaude ngakhale mmodzi. Ndinawaikira kachitini ka mchenga wonyowa, anaikiramo mazira, ndipo ana awo ndi amene ndinayamba kudyetsa. Chomwe mwadyetsa kalijosolo ndi chomwe chikafike kwa kangaude, choncho masamba ogula pamsika muziyamba mwawatsuka. Dziwani kuti amanunkha mukachedwa kuyeretsa, komanso usiku amaimba. Akunyumba muwauziretu.

Mukapeza mphemvu za dubia kwa anzathu oweta, tengani. Kwawo ndi ku South America, sizikwera galasi kapena pulasitiki wosalala, sizilira, fungo lake n'lochepa. Zimangofuna kutentha, ndiye June ndi July kuno zimaswana mwaulesi. Mphutsi za mealworm nazo n'zabwino mwa apo ndi apo, zimakula m'madeya momwemo, koma muzifinya kamutu musanaponye, apo ayi zimalowa m'dothi n'kudzatulukira tsiku lolakwika, kangaude akufundula. Ngumbi za mvula yoyamba ndimamupatsa ziwiri zitatu ngati chulu chili kutali ndi munda. Zotsalazo ndimakazinga ndekha.

Kukula kwa chakudya, yang'anani mimba ya kangaudeyo, chibulunga chakumbuyo chija. Kachilombo kasapose pamenepo. Nkhululu yaikulu ili ndi nsagwada zolimba ndi miyendo yaminga, kwa kangaude wamng'ono imeneyo ndi ndewu osati nkhomaliro. Akadali kamwana mupatseni kawiri pa sabata tizilombo tating'ono, kapena kachidutswa ka kalijosolo wopha kale. Wamkulu kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri n'kokwanira. Mimba ikafufuma kwambiri lekani kaye, chifukwa wonenepa akagwa kuchokera pamwamba imaphulika.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi kufundula. Akatsala pang'ono amakana chakudya, mwina masabata angapo, ndipo mitundu ina monga wa ku Chile uja, Grammostola rosea, amatha miyezi osadya popanda vuto lililonse. Tsiku lina mudzamupeza wagona chagada, miyendo m'mwamba. Sanafe, musamukhudze, musamutembenuze. Nthawi imeneyo m'bokosimo musakhale chamoyo china, chifukwa kalijosolo mmodzi yekha akhoza kumudya ali wofewa. N'chifukwa chake chilichonse chimene sanagwire pofika mawa lake ndimachotsa ndi kapani. Akafundula dikirani sabata, wamkulu mpaka masabata awiri, mano ake achoke poyera afike pakuda bii. Mukafulumira amathyoka.

Iye satafuna ngati ife, amathira malovu osungunula nyama n'kuyamwa, ndiye mudzaona kampira ka zotsalira pakona. Kachotseni kasanachite nkhungu. Kambale ka madzi oyera kazikhalamo nthawi zonse, kachivindikiro ka botolo kamakwana, thonje musaikemo.

Tumizani chithunzi tione mtundu wake ndi msinkhu. Ngati mumafika pa boma Loweruka, ndikhoza kukugawirani akalijosolo oyambira, mungobwera ndi chidebe chanu.