Kodi ndi fumbi la malasha limene likupititsa amayi padera ku Moatize?

Bambo wina wa ku Moatize, tauni ya migodi ya malasha ku Tete m'dziko la Mozambique, watilembera imelo. Akuti mwana wawo woyamba anabadwa wochepa thupi, wa makilogalamu 2.1, ndipo mimba yachiwiri ya akazi awo inapita padera ili ndi miyezi 7. Nyumba yawo ili kufupi ndi mgodi, moti ufa akauyanika pa mphasa umada dzuwa lisanapendeke. Anansi akuti ndi fumbi, apongozi akuti ndi mdulo. Funso lawo ndi ili: "Kodi ofufuza apeza zotani pa nkhaniyi, nanga tichite chiyani tisanayesenso?"

Pepani kwambiri bambo, ndipo mutipepesere kwa mayi akunyumba. Fumbi limenelo ndi loipa ndithu kwa mayi woyembekezera, anansi anu sakulota. Koma palibe dokotala kapena wofufuza woona mtima amene angaloze mimba imodzi n'kunena kuti iyi yaphedwa ndi fumbi. Komanso pali adani ena amene amapha ana m'mimba kawirikawiri, ndipo ambiri a iwo amapezeka ndi kadontho ka magazi a pachala. Mantha athu ndi akuti maso onse akakhala kumgodi, adani amenewa adzakudyerani pansi ngati chiswe.

Tiyambe ndi fumbilo. Limene limadetsa ufa ndi zovala pachingwe ndi lokulirapo, lambiri limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, n'chifukwa chake mamina amatuluka akuda. Loopsa kwambiri silioneka n'komwe. Ofufuza amalitcha PM2.5, ndipo kanthu kamodzi kotere n'kochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Tinthu timeneti timatsika mpaka pansi pa mapapo, tina timalowa m'magazi. Mu 2019 ofufuza a ku Belgium anapeza timwaye totere m'nsengwa, mbali yoyang'ana kwa mwana, ndipo tinali tambiri mwa amayi okhala m'malo a mpweya woipa. Nsengwa ndiye mlatho wa chakudya ndi mpweya pakati pa mayi ndi mwana. Ikavulala, mwana amakula monyentchera kapena amabadwa masiku asanakwane. Mu 2021 bungwe la WHO, loona zaumoyo padziko lonse, linatsitsa malire a PM2.5 kufika pa mamaikurogiramu 5 m'kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa chaka, ndi 15 pa tsiku limodzi, chifukwa umboni unaonetsa kuti ngakhale lochepa limapweteka. Ku West Virginia, dera la migodi ya malasha ku America, kafukufuku wa 2011 anapeza kuti ana obadwa osakwana makilogalamu 2.5 anali ochulukirapo m'madera okumba malasha ambiri, ngakhale ofufuzawo atachotsera zifukwa zina monga kusuta fodya ndi kuchedwa kuyamba sikelo.

Kafukufuku wotere amawerenga ana zikwizikwi, n'kuyerekeza dera ili ndi dera lina. Zili ngati chaka cha mvula yochepa: nkhokwe za mudzi wonse zimapepuka, zimenezo n'zoonekeratu, koma phesi limodzi louma simungalumbire kuti ndi chilala, mwina ndi chiswe, mwina kapuchi. Mimba ya mayi akunyumba ndi phesi limodzi. Pafunika kulifukula n'kuona mizu yake.

Poyambira ndi ku maternidade kumene anachilira. Funso lake n'lowawa, koma lifunseni: kodi m'kaundula analemba kuti khungu la mwanayo linali litayamba kusupuka, kapena linali bwinobwino? Likakhala losupuka, nthawi zambiri mwanayo anamwalira maola ambiri kapena masiku angapo asanabadwe, ndipo maganizo amapita ku chindoko, malungo, kuthamanga kwa magazi kapena shuga. Likakhala labwinobwino, nthawi zambiri anamwalira pobadwa kapena patangotsala pang'ono, ndipo apo timafunsa za kutaya magazi, mchombo, kapena kuchedwa panjira. Yankho limeneli limasintha chisamaliro chonse cha mimba yotsatira.

Ndiye pitani nonse awiri mukayezetse chindoko ndi HIV, musadikire mimba ina. Chindoko chimabisala zaka munthu akuyenda wathanzi, koma chimadutsa m'nsengwa, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene ana amafera m'mimba miyezi yomalizira. Kuyeza kwake n'kwa mphindi 20, mankhwala ake ndi jakisoni wa benzathine penicillin wa mayuniti 2.4 miliyoni. Ngati sizikudziwika kuti chinalowa liti, amabaya katatu, sabata iliyonse kamodzi. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mayi amabayidwa, bambo osapita, ndipo pakatha mwezi matenda abwerera.

Apa ndiye pokhudza mawu a apongozi. Sitikuwanyoza. Akuluakulu akamatchula mdulo amakhala akunena kuti khalidwe la makolo limafika kwa mwana, ndipo pa nkhani ya chindoko achipatala akuvomerezana nawo. Chimene sitigwirizana nacho ndi mlandu umene umatsatira, mayi woti akulira maliro a mwana wake n'kumafunsidwanso kuti aulule. Mayi wochitidwa zotere mimba yotsatira amaibisa mpaka itaonekera yokha, ndipo miyezi yofunika kwambiri ya sikelo imamudutsa. Mankhwala a zitsamba ofulumizitsa kubereka, aja ena amati mwanamphepo, asamwe ayi. Mlingo wake palibe amaudziwa, ndipo chiberekero chikakoka mopitirira mphamvu mwana amabanika, nthawi zina chiberekero chimang'ambika.

Mwana wanu woyamba uja akutikumbutsa malungo. Mayi akakhala ndi pakati, tizilombo ta malungo timakonda kukamatirira m'nsengwa, makamaka pa mimba yoyamba ndi yachiwiri. Mayi akhoza osatentha thupi, magazi a pachala akhoza kuonetsa kuti mulibe, koma uku nsengwa yadzaza. Ofufuza a ku CISM ku Manhiça, malo ofufuzira zaumoyo amene anatsegulidwa mu 1996, akhala akuphunzira zimenezi kwa zaka zambiri pa amayi a m'dziko lathu lino. Chitetezo chake ndi Fansidar: mapiritsi 3 nthawi imodzi, kumwera pamaso pa namwino, kuyambira sabata ya 13 ya mimba, kenaka mwezi uliwonse mpaka kuchira, kosachepera katatu. Mayi woyamba sikelo ali ndi miyezi 6 wataya kale theka la chitetezo chimenechi. Mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa cotrimoxazole tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansidar, awiriwa sasakanizidwa. Neti yonyikidwa m'mankhwala ndi ya usiku uliwonse, ngakhale mu Okutobala pamene kutentha kwa ku Tete kumachititsa anthu kugona pakhonde. Neti ituluke nawo panjapo.

Malungo, njoka za m'mimba ndi chakudya chosakwanira zimathandizana kuchepetsa magazi. Kwa mayi woyembekezera, muyezo wa magazi ukatsika pansi pa 11 ndiye kuti achepa, pansi pa 7 ndi ngozi. Mapiritsi owonjezera magazi, aja amati sal ferroso, ndi a tsiku lililonse, ndipo n'kwabwino kuyamba folic acid mimba isanakhale. Ambiri amawasiya chifukwa chimbudzi chimada kapena mseru. Kuda kwa chimbudzi si vuto, ndipo mseru umachepa akamwera usiku atadya. Asamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Folic acid wa sikelo ndi wa mamiligiramu 0.4. Uja wa mamiligiramu 5 wogula mwa inu nokha amafooketsa Fansidar. BP iyezedwe ulendo uliwonse, ikafika 140 pa 90 ayezenso mkodzo. Ngati pa mimba yapitayi mayi anatupa nkhope ndi manja, kumva mutu waukulu kapena kuona chidima, auzeni anamwino tsiku loyamba lomwe, chifukwa alipo amayi amene dokotala amawayambitsa aspirin wa mlingo wochepa. Ngati amachapa kapena kusamba ku Revúboè kapena ku Zambezi, atchulenso zimenezo. Likodzo siligwira chikhodzodzo chokha, limapanganso zilonda m'njira ya chiberekero, ndipo praziquantel amachiza.

Tibwerere ku mpweya, koma tsopano wa m'khitchini. Mayi wophika ndi nkhuni m'kachipinda kopanda zenera amapuma PM2.5 wochuluka kwambiri kuposa malire a WHO, maola angapo tsiku lililonse, nkhope ili pamwamba pa mphika. Mbaula ya makala imaoneka yaukhondo chifukwa utsi wake n'ngochepa, koma imatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umagwira magazi mwamphamvu kuposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino. Mwana wa m'mimba ndiye amayamba kuperewera. Abale a ku Angónia ndi Tsangano, amene mumalowetsa mbaula m'chipinda chogona mu Juni ndi Julayi, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Phikirani panja kapena pa chisakasa chotseguka mbali, nkhuni zikhale zouma, moto musasonkhere pulasitiki, ndipo makala ayakire panja mpaka atafiira.

Pali chotsatira china cha kafukufuku chimene chinadabwitsa ofufuza okha. Mu 2022 kunatuluka zotsatira za amayi oyembekezera 3,200 a ku Rwanda, India, Peru ndi Guatemala. Theka linapatsidwa masitovu a gasi ndi gasi waulere, ndipo utsi umene ankapuma unatsika kwambiri, koma kulemera kwa ana pobadwa sikunasiyane kwenikweni ndi kwa anzawo. Kutsidya ku Malawi, ku Chikwawa ndi ku Karonga, masitovu otulutsa utsi wochepa sanachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka 5. Ife sitikumva zimenezi ngati umboni woti utsi ulibe vuto. Tikumva kuti mwana wa m'mimba amapanikizidwa ndi zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo kuchotsa chimodzi chokha, makamaka mimba itakula kale, sikukwanira. Ngakhale mutasamuka mawa kuchoka pafupi ndi mgodi, chindoko kapena malungo mutasamuka nazo.

Kutentha nakonso kumawerengedwa tsopano. Kafukufuku wa 2020 wophatikiza zotsatira za m'mayiko ambiri anapeza kuti kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, mpata woti mwana abadwe masiku asanakwane kapena afere m'mimba umakwera ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse. Ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, Okutobala ndi Novembala amadutsa madigiri 40. Mayi woyembekezera asakatunge madzi kapena kulima pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko, masana asakhale m'nyumba ya malata yotseka, ndipo amwe madzi mpaka mkodzo uyere. Mtsuko ndi khasu za maola amenewo zikhale zanu, bambo. Kwa alimi a fodya a ku Macanga, Chifunde ndi Angónia: chikonga cha m'masamba onyowa ndi mame chimalowa pakhungu, choncho mayi wapakati asathyole fodya, asapopere mankhwala, ndiponso asachape zovala za wopopera.

Fumbi la pakhomo panu mungalichepetse, ngakhale simungalithetse. Wazani madzi musanasese, m'nyumba kolopani m'malo mosesa pouma. Ufa yanikani m'kati kapena muuphimbe ndi nsalu yopyapyala. Mabomba akaphulitsidwa kumgodi, kapena mphepo ikamachokera kumeneko, tsekani mazenera. Mpango wa kumphuno umatchinga fumbi lalikulu lokha, laling'ono limafuna masiki ya FFP2 kapena N95 yogwira bwino nkhope. Madzi a padenga tayani oyambirira, ndipo ndowa zivundikiridwe. Certeza, mankhwala aja othira m'madzi akumwa, amapha tizilombo ta kolera ndi kutsekula m'mimba, koma sachotsa fumbi kapena zitsulo zosungunuka m'madzi.

Zotsalazo si za banja limodzi. Chiyambireni kukumba kwakukulu mu 2011, Moatize wasintha. Mabanja ena anasamutsidwira ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni, ndipo mtunda wotere nawo ndi nkhani ya uchembere, chifukwa mayi wotaya magazi alibe maola odikira minibasi ya chapa. Kuti funso lanu lidzayankhidwe ndi manambala a ku Moatize komweko, pafunika zinthu ziwiri: muyezo wa PM2.5 wa tsiku ndi tsiku m'madera okhala anthu, ndi kaundula wokwanira wa ana obadwa, kulemera kwawo ndi dera limene mayi amakhala. Mayi aliyense wochilira kunyumba, ndi mwana aliyense woikidwa mwakachetechete osalembedwa, amasowa m'kaundula ameneyu. Kudzera mwa asekeretale a bairro ndi komiti ya zaumoyo, lemberani kalata ku SDSMAS, ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, ndi ku AQUA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, kupempha kuti zotsatira za muyezo wa mpweya zizimatidwa poyera. Kalatayo ikhale ndi masiku, maola ndi zithunzi, ndipo kope lodindidwa musunge.

Za nthawi yoyesanso, WHO imalangiza kudikira miyezi yosachepera 6 mimba ikapita padera, ndi miyezi 24 mayi akabereka mwana wamoyo. Miyezi imeneyi ndi yokonzera magazi ndi kumaliza mankhwala, choncho tengani njira yolerera. Mimba ikakhala, sikelo iyambe isanakwane masabata 12, maulendo onse akhale 8, ndipo khadi la mimba ziwiri zapitazi lipite nawo. Kuyambira miyezi 7 mayi azigona chammbali, ndipo mwana akachepetsa kusuntha apite tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku, osadikira kuti kuche. Funsani msanga ngati adzachilire pa chipatala chapafupi kapena ku Hospital Provincial de Tete. Ngati kuli kutali, akakhale ku chidikiro, kuja amati casa de espera, masabata awiri omalizira. Ndalama ya galimoto ndi nambala ya woyendetsa zikhale m'manja mwa mayi akunyumba, chifukwa matenda akhoza kuyamba inu muli ku ntchito.