Silabasi yasinthanso, ine mphamvu zatha

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sekondale, choko ndinayamba kugwira kalekale. Pano silabasi yasinthanso, akuti tisiye kudzadza manotsi pa bolodi ana azikambirana m'magulu, koma semina yake inali yongothamanga basi, kwinaku ana ena akubwera ndi homuweki yowalembera ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti ija yoyankha mafunso ndi kulemba nkhani ngati munthu. M'mawa thupi limachita kukana kudzuka. Ndingosiya ntchito kodi? Ndine Mphunzitsi wotopa.

YANKHO: Aphunzitsi, pepani ndithu, koma kalata yosiyira ntchitoyo isungeni kaye. Zomwe mukumvazo si ulesi ayi. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kuti kutoperatu kobwera ndi ntchito kumadziwika ndi zinthu zitatu: mphamvu kutha, mtima kuchoka pa ntchito, komanso kuona ngati palibe chomwe mukuphula. Inuyo zikuoneka kuti choyambacho chakupezani kale.

Chomwe chimamaliza aphunzitsi ambiri n'kufuna kusintha zonse tsiku limodzi, ali okhaokha, usiku akulemba masikimu a zokaphunzitsa, anthu ena onse atagona. Musatero. Sankhani kalasi imodzi, phunziro limodzi pa sabata, muyese zamaguluzo pamenepo, zinazo phunzitsani mmene mumadziwira mpaka muzolowere.

Ku Japan aphunzitsi angapo amakonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kukaphunzitsa enawo ali m'kalasi momwemo, koma sikuti abwera kudzatola zifukwa ngati mainsipekitala ayi, maso awo amakhala pa ana, uyu wamva, uyu wangoti kukamwa yasa, uyo akukopera kwa mnzake, akatuluka amakambirana pomwe panavuta n'kukonzanso. Sizifuna ndalama izi, anzanu awiri a mu sitafu akwana. Ndipo amene mumamuona ngati zonse zikumuyenderayo, mukamufunsa mupeza naye akulira chamumtima.

Za ChatGPT, chinabwera mu Novembala 2022 ndipo sichibwerera, kulimbana nacho n'kudzitopetsa chabe. Mwana akabweretsa nkhani yosalala mokayikitsa muimikeni afotokoze ndi pakamwa ndime yachiwiri, mafunso awiri okha mudziwa. Ntchito ina azilembera m'kalasi inu mukuona.

Kwa ahedi pitaniko, koma osangoti ndatopa, nenani chenicheni, kaya akuchotsereni kalabu kaya mapiriyodi ena teremu ino. Tulo tikamasowa masabata angapo, chakudya osachifuna, kaonaneni ndi adokotala musanaganize zosiya.