Foni ya mamegapikiseli 50 kapena kamera yakale?

Mnyamata wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Ali ndi foni ya Tecno ya mamegapikiseli 50 (mapikiseli mamiliyoni 50, timadontho timene timapanga chithunzi) ndipo akufuna kuyamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Mnzake akugulitsa kamera yakale ya Canon ya mamegapikiseli 18. "Kodi kumeneku si kubwerera m'mbuyo?" akufunsa.

Ayi achimwene, nambala ija isakupusitseni. Chithunzi chimapangidwa ndi kuwala, ndipo kuwalako kumagwera pa kachipangizo kotchedwa sensa. Sensa ya Canon zoterezi ndi pafupifupi mamilimita 22 m'litali ndi 15 m'lifupi, pomwe ya mafoni ambiri ndi yochepa ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono. Mvula ikugwa, wina atchere beseni, wina kapu. Kapuyo ngakhale muigawe tizipinda 50, madzi ake sachuluka. N'chifukwa chake mafoni ambiri amaphatikiza mapikiseli anayi kukhala imodzi, chithunzi n'kutuluka cha mamegapikiseli pafupifupi 12 basi.

Foni sindikuinyoza. Dzuwa likaswa mtengo, jambulani minda ya tiyi ku Thyolo kapena nsonga ya Chambe pa phiri la Mulanje mutaima pa Likhubula, mudzasangalala. Foni imajambula zithunzi zingapo mwakamphindi n'kuziphatikiza, thambo ndi mithunzi zonse n'kuoneka bwino.

Koma ukwati suchitikira padzuwa pokha. M'tchalitchi mumakhala kamdima, ndipo mu June ndi July chiperoni chikatsika, panja pomwe pamachita bii. Apa foni imayamba kusalaza nkhope mpaka mkwatibwi amaoneka ngati chidole, timaluwa ta pa velo n'kufufutika. Anthu akamavina pa perekaniperekani, manja amangooneka ngati utsi. Mukati mukokere pafupi muli kumbuyo kwa tchalitchi, foni yopanda lenzi (galasi la kutsogolo kwa kamera) yapadera imangodula chithunzi n'kuchikulitsa. Zimandipweteka ndikaona banja latsukitsa chithunzi chotere kuti lipachike pabalaza, tsikulo silidzabweranso.

Ndiye Canon ija gulani, koma muyambe mwaiyesa. Chotsani lenzi, muiunike padzuwa. Kuno kwathu chinyezi n'chambiri, magalasi amachita nkhungu m'kati, imaoneka ngati ukonde wa kangaude. Mukaiona, musalipire. Funsaninso ngati batire ikusunga moto, chifukwa ukwati umatenga tsiku lonse. Ndalama ikapezeka mudzagule lenzi ya 50mm f/1.8, si yodula kwambiri ndipo imalowetsa kuwala kochuluka m'tchalitchi.

Potumizira eni ukwati zithunzi pa WhatsApp, tumizani ngati dokyumenti. Mukatumiza mwachizolowezi, WhatsApp imazifinya, ntchito yonse ya kamera ija n'kuwonongekera m'njira.